Kulondola dzuwa pa wailesi ku São Vicente

Lachiwiri, 22 Okutobala 2024, Lisbon

Katundu wanga ngochititsa manyazi. Zovala zonse zakwana m'kachikwama ka kumsana, pomwe chikwama chachikulu chadzaza ndi mawaya, zingwe za coax, mahedifoni ndi timabokosi tosefera mafunde timene anzanga anandigawira kuti ndinyamule. Wachitetezo wina pabwalo la ndege anachitsegula, n'kuyang'ana mawayawo, kenako n'kuyang'ana ine. "Bambo, kodi ndinu asodzi?" Ndinati iyayi, ndi za wailesi. Anafunsa ngati timaulutsa nyimbo. Nditamuuza kuti tikupita pachilumba kukakhala maola 48 tikuitana anthu osawadziwa n'kumangouzana manambala, anatseka chikwamacho pang'onopang'ono ndipo anandifunira ulendo wabwino ndi nkhope yachisoni.

Mpikisano wake ndi CQ World Wide DX Contest, wa anthu okonda kulankhulana pa mawailesi awoawo. Unayamba mu 1948, ndipo mbali yake ya mawu imachitika Loweruka ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala. Ya Morse imabwera kumapeto kwa Novembala. Dziko lonse limayambira pamodzi, 00:00 Loweruka pa nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC, n'kumaliza 23:59 UTC Lamlungu. Koma mphindi imodzi yomweyo imapeza anthu pa zochita zosiyana. Wa ku Tokyo amakhala ali pa tiyi wa 9 koloko m'mawa Loweruka, wa ku New York wangodya kumene mgonero 8 koloko Lachisanu, wa ku California akuthamanga kuweruka kuntchito 5 koloko madzulo. Kumene tikupita ifeko idzakhala 11 koloko usiku wa Lachisanu.

Tilipo anayi. Mawu awo ndinawadziwa kalekale, nkhope ndaziona lero. A mdala amene akutitsogolera ndi a konkuno ku Portugal. Chifukwa cha mawu awo a besi ndinkayembekezera chimunthu chachitali, koma ndi aafupi, a ndevu za mbuu. Pali mayi wina wa ku Germany wosalankhulalankhula, ndi mnyamata wa ku Brazil amene amalankhulira tonsefe. Tisanamalize n'komwe kupatsana moni, a mdala anatigwira mikono mmodzimmodzi kuona mawotchi. "Ana anga, kuyambira pano wotchi yapamkono ndi ya UTC. Ya pafoni muzionera nthawi ya chakudya basi." Ndiye ndikugona ndi nthawi zitatu m'mutu. Lisbon ili ola limodzi patsogolo pa wotchi yanga, Cabo Verde, kumene tikupita, ola limodzi pambuyo.

Lachitatu, 23 Okutobala, Mindelo

Maola anayi pamwamba pa madzi okhaokha. Potera ku São Pedro ndege inagwedezeka ndi mphepo mpaka ndinagwira mkono wa gogo wina amene ankabwerera kwawo. Sanauchotse. Anangondisisita dzanja n'kunena mawu ena m'chinenero chawo cha Kriolu, ndipo ngakhale sindinamve kanthu mtima unakhalako pansi.

Chilumba cha São Vicente chino nchouma, abale. Mapiri ofiirira, miyala yokhayokha, mitengo yochita kuwerenga. Madzi ambiri a m'mipopi ya mu Mindelo ndi a m'nyanja ochotsedwa mchere, choncho kusamba kuno sikoimba nyimbo. Pabwalo la ndege tinadikira nthawi yaitali chithumba chachitali chimene muli milongoti yathu ya faibala. Chinatuluka chomalizira, dziko lonse litapita. A kasitomu anafuna kuona chilolezo cha wailesi, a mdala n'kusolola pepala limene anapempha ku boma la kuno miyezi ingapo yapitayo. Callsign yathu, dzina la siteshoni la zilembo ndi manambala, ikuyamba ndi D4, monga mwa siteshoni iliyonse ya dziko lino, ndipo zilembo ziwirizo ndi zimene tawolokera nyanja.

Ndalama yawo ndi escudo, yomangiriridwa ku euro. Euro imodzi ndi ma escudo 110 ndi kanyenyeswa. M'mashopu ambiri euro amalandira, koma amaiwerengera 100 kuti masamu aphweke, ndiye ukamalipira ndi euro ukumetedwa pang'onopang'ono osadziwa. Mayi wa ku Germany anazindikira zimenezi tisanamalize botolo loyamba la madzi, n'kutitengera tonse kubanki.

Madzulo tinadya cachupa, chimanga chokonola chophikidwa pamodzi ndi nyemba ndi nyama. Chimakhala m'mimba mpaka mawa. Tili kugombe la Porto Grande a mdala anatiuza kuti sitiri oyamba kuona ubwino wa malo ano. Mu 1874 chingwe cha telegalafu cha pansi pa nyanja, chochokera ku Madeira kupita ku Pernambuco ku Brazil, chinatulukira pachilumba pano, ndipo sitima za malasha zopita kumwera zinkaima pompano. Ukayang'ana mapu chifukwa chake sichisowa. Europe ili kumpoto, America kumadzulo, Brazil kumwera chakumadzulo, ndipo pakati pake ndi madzi amchere amene mafunde a wailesi amawakonda kwambiri.

Lachinayi, 24 Okutobala, pafupi ndi Salamansa

Tachita lendi kanyumba kumpoto kwa chilumba, kufupi ndi mudzi wa asodzi. Tinabwera pa aluguer, galimoto zonyamula anthu za kuno, milongoti titaimangirira pamwamba. Mbali ina ya msewu ndi ya miyala yoyala ndi manja, ndipo pofika mano anali akuwawa.

Kumbuyo kwathu kuli Monte Verde, phiri la mamita opitirira 700. Pamwamba pake ndi pamene pali D4C, siteshoni imene aliyense wokonda mipikisanoyi anaimvapo ikubangula. Ife ndi timphawi. Tili ndi mawailesi awiri a mawati 100, pomwe malamulo amalola akuluakulu kufika mawati 1500. Tili ndi eriyo imodzi yotembenuzika ya mabandi (magulu a mafunde otchulidwa ndi kutalika kwa fundelo) a mamita 20, 15 ndi 10, ndi mawaya oimirira a mabandi a mamita 40 ndi 80. Wa bandi ya mamita 160 tangoukoka mwa chikhulupiriro.

Mphepo ya kuno imachokera kumpoto chakum'mawa ndipo sipuma. Mlongoti wa bandi ya mamita 80 unatigonjetsa. Tikauimika unkapindika mpaka nsonga kutsala pang'ono kugunda pansi, mnyamata wa ku Brazil akukuwa m'Chipwitikizi, ine nditagwira chingwe chimene chinkandicheka m'manja. Asodzi awiri amene ankasoka ukonde anationerera kwa kanthawi, kenako mmodzi anabwera osalankhula, anandilanda chingwecho, n'kumanga mfundo imodzi pamwala. Mlongoti unaima nji. Anabwereza pa zingwe zinazo, ndipo titafuna kumupatsa kangachepe anakana. Anangopempha kuti amve nawo. Tinamuveka mahedifoni ndipo munthu woyamba kumveka anali wa ku Finland. Anafunsa ngati munthuyo akutiona.

Usiku mayi wa ku Germany anatenga pepala kuti atikumbutse masamu, ngakhale tonse timawadziwa. Siteshoni ya kontinenti ina ndi mapointi 3. Ya dziko lina m'kontinenti yako yomwe ndi pointi imodzi, kupatula a ku North America amene amapatsana 2. Ya m'dziko lako ilibe pointi. Cabo Verde imawerengedwa ku Africa, ndiye aliyense wa ku Europe ndi ku America kwa ife ndi mapointi 3, pomwe Mjeremani akalankhula ndi Mfalansa amangopeza imodzi. Mapointi onsewo amachulukitsidwa ndi chiwerengero cha mayiko ndi mazoni (magawo 40 a mapu a dziko lapansi) amene wapeza, ndipo bandi iliyonse mwa zisanu ndi imodzi imawerengedwa payokha. Analemba chitsanzo. Ngati walankhula ndi anthu 1000, uli ndi mapointi 3000, ndipo zochulukitsira ukhale nazo 100. Munthu wina wowonjezera akupatsa 300. Dziko latsopano limodzi likupatsa 3000. "Choncho mukamva kamawu kofooka pansi pa phokoso, musakathamangitse. Kakhoza kuposa anthu khumi."

Lachisanu, 25 Okutobala, masana

Pakhoma tamata tebulo la mashifiti, lonse mu UTC. Pambali pake a mdala amata pepala lina limene amati ndi lofunika kuposa loyambalo, la nthawi imene dzuwa limatuluka ndi kulowa m'mizinda yosiyanasiyana. Kuno limatuluka cha m'ma 07:30 UTC n'kulowa itangopitirira 19:00. Ku New York limatuluka cha m'ma 11:20, ku Los Angeles itangokwana 14:00. Ku Tokyo limalowa 08:00 isanakwane n'kutuluka cha m'ma 21:00.

Nkhani yonse yagona pamenepo. Mafunde athu sapita molunjika kwa munthu wa kutsidya kwa nyanja. Amakwera kumwamba, kumene kuwala kwa dzuwa kumasandutsa mpweya kukhala ngati galasi lowabweza, pa mtunda wa makilomita 250 kapena kuposerapo. Akabwerera pansi amanjanja pamadzi n'kukweranso, ndipo kudumpha kumodzi kumatha kufika makilomita 4000. Mabandi a mamita 10 ndi 15 amafuna galasilo litakhwima ndi dzuwa, choncho ndi a masana. Koma dzuwa lomwelo limapanganso kansalu kena m'munsi, pakati pa makilomita 60 ndi 90, kamene kamameza mafunde a mamita 160, 80 ndi 40. Kukada kansaluko kamazimirira, mabandi amenewa n'kutseguka. Ndiye munthu sungosankha amene ukufuna kulankhula naye. Uyenera kudziwa kuti kwa iyeyo kwacha kapena kwada, ndiponso kuti njira ya pakati panu ili mumdima kapena padzuwa. Pamwamba pa izo uzikumbukira kuti munthuyo amagona, amadya, ndipo Lolemba ali ndi ntchito.

Chaka chino dzuwa lili pachimake pa ukali wake umene umabwerera pafupifupi zaka 11 zilizonse. A NASA ndi a NOAA, mabungwe a sayansi a boma la America, alengeza zimenezi mwezi uno. Mnyamata wa ku Brazil sanaonepo bandi ya mamita 10 itadzaza, ndipo walumbira kuti sachokapo.

Ndayesa kugona masana, zakanika. Ndikuopa. Kuitana anthu mmodzimmodzi ndinazolowera, koma kuitanidwa ndi khamu pakamodzi sindikudziwa ngati makutu anga akwanitse.

Loweruka, 26 Okutobala, m'bandakucha

Kutatsala mphindi zochepa bandi ya mamita 40 inali ya anthu oyesa maikolofoni ndi kulimbirana malo. Wotchi itangogunda 00:00 zonse zinaphulika. A mdala anayamba okha, mawu a besi aja akutchula callsign yathu ndi liwu loti contest, ndipo mayankho anabwera mulu. Kukambirana kwake nkwakufupi zedi. Umatchula callsign ya munthu, n'kunena five nine three five, kutanthauza kuti ndakumvani bwino, ndili mu zoni 35. Iye amabweza five nine ndi zoni yake. Zikomo, wotsatira. Five nine imeneyo aliyense amangoinena ngakhale munthu akumveka ngati ali m'chitsime. Zenizeni zimene uyenera kumva molondola ndi callsign ndi zoni.

Nthawi yanga inafika 02:00. Ku Europe anali pakati pa tulo, kupatula olimba mtima, pomwe kum'mawa kwa America inali 10 koloko usiku, anthu ali maso ndithu. Pa bandi imeneyi pali vuto lake. Ife a ku Africa ndi Europe timalekezera pa 7200 kHz, pomwe Aamerika amaloledwa mpaka 7300, ndipo ambiri a iwo saloledwa kulankhula m'munsi mwa 7175. Ndiye umaitana pansi n'kulengeza kuti ukumvetsera pamwamba, khutu lili kwina pakamwa pali kwina.

Mphindi zoyamba sindinagwire kanthu. Anthu makumi akamatchula zilembo nthawi imodzi zimangomveka ngati achule a m'dambo mvula itagwa. Mayi wa ku Germany anali pambali panga pa wailesi yachiwiri. Anandilembera pakapepala kuti ndisafune callsign yonse, ndigwire zilembo ziwiri. Ndinamva Kilo Tango, ndiye kuti K ndi T, ndinazitchula, ndipo ena onse anakhala chete pang'ono mpaka mwini wake anamveka yekha. Kuchokera pamenepo zala zinayamba kuyenda pa kompyuta. Pulogalamu ya N1MM Logger+ imakuuza nthawi yomweyo ngati munthuyo walankhula naye kale pa bandi imeneyo, kapena ngati dziko lake ndi latsopano.

Loweruka, dzuwa likutuluka

Ichi ndi chimene a mdala anakhala akutiuza kuyambira ku Lisbon. Dzuwa likamatuluka kuno limakhala likulowa ku Japan, kusiyana kwake mphindi zochepa chabe. Pa kanthawi kameneko malo awiriwa amakhala pa mzere umodzi wolekanitsa usana ndi usiku, ndipo mafunde a mamita 40 amatha kudutsa mbali ya mdima. Njira yachidule yopita ku Tokyo ndi makilomita pafupifupi 14,000, kulowera kumpoto, koma nthawi imeneyi imakhala padzuwa. Yotseguka ndi yozungulira, yolowera kumwera, makilomita 26,000. Ndipo kumwera kwathu ndi kumene kwakhala phiri lija.

Tinazimitsa fani kuti m'nyumba mukhale zii. A mdala anatseka maso, dzanja lili pa kabatani. Kunamveka timawu tonjenjemera, tobwera n'kupita. Anaitana, osayankhidwa. Anaitananso. Pamwamba pa phiri anzathu aja ankawatola a ku Japan mmodzi pambuyo pa mnzake, ife tikumva mbali imodzi yokha. Kenako wina anabweza zilembo zathu, zoperewera. A mdala anazitchula pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana. Five nine two five. Zoni 25 ndi dziko la Japan, zochulukitsira ziwiri pa munthu mmodzi. Pasanathe mphindi khumi dzuwa linali litakwera ndipo pa frequency imeneyo panangotsala mkokomo.

Mayi mwini nyumba anatibweretsera cachupa ya dzulo yokazinga, dzira lili pamwamba. Anatipeza anthu anayi akuluakulu tikukumbatirana chifukwa cha munthu amene sitidzamuonapo, ndipo anaika mbale pansi mwakachetechete.

Loweruka masana

Lero ndaona dzuwa likuyenda ndi makutu. Pa mamita 10 oyamba kumveka anali a kum'mawa kwa Europe, zoni 16, kenako 15 ya Poland, Italy ndi Hungary, kenako 14 ya Germany, France, Spain ndi Britain. Cha m'ma 12:00 UTC pansi pa Azungu a ku Europe panayamba kutuluka mawu ena, a ku Massachusetts ndi New York amene angodzuka kumene. Tinatembenuza eriyo kuloza kumpoto chakumadzulo, kumene mapiri a Santo Antão aima kutsidya kwa madzi, a mdala akudandaula kuti chilumbacho anachiika pamalo olakwika.

Manambala a mu callsign za ku America amatsata madera. Anayamba a 1, 2 ndi 3 a kugombe la kum'mawa. Anabwera a 4 a ku Florida ndi Georgia, a 8 a ku Ohio ndi Michigan, a 9 a ku Illinois. Patapita ola, a 5 a ku Texas ndi a 0 a ku Minnesota ndi Colorado. A 6 a ku California anafika Europe itayamba kale kuzilala. Masiku ano munthu akasamuka amatha kusunga callsign yake, ndiye nambala imanama nthawi zina, koma zoni sinama. Mu logi mwathu, kaundula wa amene talankhula nawo, munayamba 5, kenako 4, kenako 3, motsatana bwinobwino. Dziko limatembenuka madigiri 15 pa ola, ndipo zimenezo zinalembeka zokha pa sikirini munthu atangokhala pampando wapulasitiki. Kwa ine ichi ndiye chokoma cha mpikisano uno, kuposa mapointi.

Mnyamata wa ku Brazil anasunga lumbiro lake. Tinachita kumukoka pampando mawu atasasa.

Usiku wa Loweruka

Magetsi anathima cha m'ma 22:00 UTC, pa nthawi yabwino ya South America. Jenereta tinali nayo, koma petulo anali wochepa kusiyana ndi mmene tinkaganizira. Mwana wa mayi mwini nyumba anakwera njinga yamoto mumdima n'kubwera ndi chigubu chodzaza, osatumidwa. Magetsi anabwera patapita ola ndi theka.

Ine ndinali pa wailesi yachiwiri, yosakira zochulukitsira. M'gulu lathu lamulo ndi loti wailesi yoyamba imaitana aliyense, koma yachiwiri imaloledwa kulankhula ndi dziko kapena zoni yatsopano yokha, pa bandi ina, ndipo iliyonse ikalowa pa bandi iyenera kukhalapo mphindi 10 isanasamuke. Ndi ntchito ya ulenje, yondiyenera kuposa ya khamu ija.

Anthu ambiri akamva za mazoni 40 amaganiza kuti ndi magawo a nthawi. Ayi. Mazoniwa anangolembedwa pamapu, ndipo sagwirizana ndi mawotchi. China yonse imayendera nthawi imodzi, maola 8 patsogolo pa UTC, koma ili mu zoni 23 ndi 24. India ili patsogolo ndi maola 5 ndi theka, Nepal maola 5 ndi mphindi 45, koma onsewo ndi zoni 22. Iceland imakhala pa UTC chaka chonse ndipo ili mu zoni 40 pamodzi ndi Greenland. Mayiko nawonso ali ndi zodabwitsa zake. Sicily mu mpikisano uno ndi dziko palokha, ndipo Lampedusa, ngakhale ndi ya Italy, imawerengedwa ku Africa mu zoni 33, ndiye kwa ife ndi pointi imodzi. Yosowa kwambiri mbali ino ndi zoni 2, ya Labrador ndi kumpoto kwa Quebec, kumene anthu ndi ochepa. Ndinaipeza pa mamita 20, khamu litaunjikana pamwamba pake, ndipo ndinaitana mpaka kukhosi kuuma asanandimve.

Pa mamita 160 palibe chimene ndinganene. Phokoso la mphezi zakutali, ndi Azungu angapo amphamvu amene sanatimve.

Lamlungu, 27 Okutobala, 05:30 UTC

A mdala anayenera kundilandira 04:00. Inakwana 04:15, 04:30, kulibe. Maso anga ankaona zilembo ziwiriziwiri, ndipo nthawi ina ndinadzidzimuka ndikuuza munthu wa ku Argentina zoni yake m'malo mwa yanga, iye n'kuseka. Sindinafune kukawadzutsa, ndi munthu wamkulu. Analowa 05:00 yeniyeni, atapesa ndevu, n'kundifunsa chifukwa chimene ndikuonekera wotopa chonchi.

Zinapezeka kuti usiku womwe uno, 01:00 UTC, mayiko ambiri a ku Europe abweza mawotchi ola limodzi. Zimachitika Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndiye chaka chilichonse zimagwera m'kati mwa mpikisano uno. Foni yawo anaisiya pa nthawi ya Lisbon kuti azidziwa poimbira akazi awo, alamu n'kuitchera pomwepo. Inalira 5 koloko monga anaiuzira, koma 5 koloko ya Lisbon inali itasuntha. Mnyamata wa ku Brazil anadzuka dala kudzawagwira mkono. "Agogo, tione wotchi." A mdala anaseka mpaka kutsokomola, n'kundilamula kuti ndikagone maola anayi osadzutsidwa. Aamerika amabweza awo Lamlungu la mawa, choncho sabata ino New York ndi Lisbon zasiyana maola 4 m'malo mwa 5.

Lamlungu madzulo

Tsiku lachiwiri ndi lolemera. Amphamvu onse unalankhula nawo kale, ndipo kompyuta imangoti uyu tamulemba, uyunso tamulemba. Otsala ndi anthu a mawaya a pakhonde, oyatsa wailesi akachoka ku tchalitchi kapena akamaliza nkhomaliro, ongofuna kugawa mapointi kwa ola limodzi. Amalankhula mosathamanga, ena amafuna kukuuza dzina lawo ndi nyengo ya kwawo. Poyamba zinkanditopetsa, koma popanda iwowa logi ya Lamlungu ikanakhala yopanda kanthu. Wina wa ku Scotland anati aka nkoyamba kulankhula ndi Africa, mawu akunjenjemera. Ndinamupatsa masekondi ake.

Dzuwa litalowa Europe inayamba kutha msanga kusiyana ndi dzulo, poti mawa ndi Lolemba. Ku Japan Lolembalo linali litafika kale. Cha m'ma 21:00 UTC kumeneko kunkacha, 6 koloko m'mawa, ndipo ulendo uno njira yachidule ya kumpoto inali mumdima, yopanda phiri lotitchinga. Pa mamita 40 tinapeza angapo, achangu, aulemu, ena mwina atavala kale za kuntchito. Kwa iwo mpikisano umatha 9 koloko m'mawa Lolemba. Kutangowala kwawoko anazimirira onse pakamodzi.

Maola awiri omaliza anali a America, kumene kudakali madzulo a Lamlungu. Mayi wa ku Germany ndi amene anamaliza. Pa 23:59 analemba munthu wa ku Ohio, ndipo mphindi yotsatira bandi imene inali yosapondeka inangoti zii, kutsala anthu awiriawiri akufunsana kuti zayenda bwanji. Kuno inali 11 koloko usiku. Tinadya nsomba ya tuna yozizira titaimirira.

Lolemba, 28 Okutobala

Ndadzuka masana, m'makutu mukulirabe zilembo. Mwa malamulo a 2024, logi iyenera kutumizidwa pa intaneti pasanathe masiku 5, mu mtundu wa fayilo wotchedwa Cabrillo. Okonza mpikisano amafananiza malogi onse ndi kompyuta, ndipo nchifukwa chake nthawi iyenera kukhala ya UTC kwa aliyense. Mzere wathu wa 07:41 uyenera kukumana ndi mzere wa munthu wa ku Japan uja cha pa nthawi yomweyo. Callsign ukailemba molakwika, kapena ngati mwini wake sanakulembe, amaichotsa n'kukudulanso mapointi ena pamwamba.

Panali callsign imodzi ya usiku wa Loweruka imene mnyamata wa ku Brazil ankaikayikira, kaya inathera ndi B kaya ndi D. Anafuna kuifufuza pa intaneti. Mayi wa ku Germany anatseka laputopu. Malamulo salola kukonza callsign mpikisano utatha pogwiritsa ntchito mndandanda wa pa intaneti, zojambulidwa kapena kufunsa mwini wake. Chimene khutu linamva ndi chomwecho. Tinaitumiza mmene inalili, ndipo zotsatira zidzatuluka pakapita miyezi.

Kugwetsa milongoti kunatenga theka la nthawi imene tinaimikira. Mfundo za msodzi uja zinatikanika kumasula mpaka tinakamuitana, ndipo zingwe zonse tamusiyira pamodzi ndi waya wa bandi ya mamita 160, amene akuti amangira khola la mbuzi. Aluguer ibwera 7 koloko m'mawa, nthawi ya kuno. Anzanga akubwerera ku Lisbon, ine ndikwera sitima yapamadzi ya ku Porto Novo, ulendo wa ola limodzi, ndikaone mapiri a Santo Antão amene amatitchinga ku America aja.